CZ 75 yakale yoyera m'makona: ndigule, ndipentetse, kapena ndiisiye?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Durban: "Ndine Mmalawi, ndakhala kuno zaka zambiri ndipo mapepala okhala mpaka kalekale ndili nawo. Competency, satifiketi ya apolisi yosonyeza kuti ndine woyenera kukhala ndi mfuti, ndinapata chaka chatha. Pashopu ina ya mfuti ndapeza CZ 75 yogwiritsidwapo kale ntchito, yodindidwa 88 pafupi ndi potulukira makoko a zipolopolo. Mtengo wake ndi wabwino, koma m'makona monse yayera, kumsana kwa chogwirira kuli timadontho ta dzimbiri, ndipo malo ena chakudacho chakanganuka. Mnzanga akuti ndingoipala ndi sandipepala n'kuipaka mankhwala odetsa chitsulo a m'botolo aja, ioneka ngati yatsopano. Ndingadziwe bwanji ngati mfutiyi yatha kapena ikadali ndi moyo? Nanga pokonza maonekedwe ake, njira yabwino ndi iti?"

Achimwene, sandipepalayo mubwezereni mnzanuyo akapalire zitseko. Pa mfuti zimene zafika pabenchi panga zitaonongeka maonekedwe, zambiri sizinaonongedwe ndi dzimbiri ayi, koma ndi eni ake amene ankafuna kuchotsa dzimbiricho mwachangu. Tibweranso ku nkhani imeneyi. Choyamba ndikufuna mutembenuze mafunso anu awiriwo m'maganizo mwanu: la maonekedwe likhale lomaliza penipeni, chifukwa kuda kwa mfuti sikuwombera. Chimene mukugula ndi mpope, malo amene mpopewo umakolekana ndi slide (chitsulo cha pamwamba chimene chimabwerera kumbuyo mfuti ikawomba), ndi tizitsulo timene timagwira hamala (kanyundo kakumbuyo komenya pini yowombera) kuti isagwe yokha. Zimenezi zikakhala bwino, kuyera kwa m'makona ndi nkhani yaing'ono.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa cha kumene mukukhala. Pansi pa lamulo la Firearms Control Act 60 la chaka cha 2000, laisensi siperekedwa kwa inu kuti mukagule mfuti iliyonse imene yakusangalatsani. Imaperekedwa pa mfuti imodzi, ya nambala imene mwalemba pa fomu ya apolisi ya SAPS 271. Mumalipira, mfuti imatsala m'sefa ya wogulitsa, inu n'kudikira miyezi. Ngati mukufunsira pa gawo 13, la kudziteteza, ndiye kuti mfuti ndi imodzi yokhayo, ndipo laisensi yake ndi ya zaka 5. Mukadzazindikira pambuyo pake kuti mpope ndi wotupa, simungangopita kusitolo kukatenga wina ngati mmene mumagulira tayala, pakuti lamulo lomwelo limawerenga mpope pawokha ngati mfuti, ndiye mapepala amayambiranso. Nthawi yoyang'ana mwachifatse ndi ino, ndalama isanachoke m'thumba.

Mfuti mwaipezayo ndi ya mbiri yabwino. Anaipanga pafakitale ya Česká zbrojovka m'tauni ya Uherský Brod, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia, ndipo anaijambula ndi abale awiri, Josef ndi František Koucký. Inatuluka mu 1975, n'chifukwa chake dzinalo, ndipo imadya zipolopolo za 9×19. Nambala 88 mwaionayo ndi chaka chimene inadindidwa, 1988. Ndiye kuti yanuyo ndi ya m'gulu limene okonda mfutizi amalitcha pre-B, zimene zinapangidwa asanaikemo kachitsulo kotchinga pini yowombera, kamene kanabwera ndi mtundu wa 75B kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pali zinthu ziwiri za gulu limeneli zimene anthu amaziyesa zilema pomwe ndi mmene inabadwira. Mukakanikiza batani la magazini, magaziniyo singogwa pansi, imatsika pang'ono n'kuima, chifukwa m'kati muli kachitsulo kaphanthiphanthi koigwira dala. Ndiponso magazini ena atsopano amathina polowa m'mfuti zakalezi. Choncho funsani kuti ikubwera ndi magazini angati, ndipo yesani iliyonse.

Tsopano kunja kwake, kumene kwakudetsani nkhawa. Kutha kwa mtundu kumasimba mbiri ya mfuti ngati munthu wadziwa kuwerenga. Mfuti imene yakhala zaka m'chikwama cha m'chiuno imayera kukamwa kwa slide mbali zonse ziwiri, m'makona akuthwa, kutsogolo kwa mphete yoteteza trigger, ndi pamwamba pa tizitsulo totuluka ngati loko. Kuyerako kumakhala kosalala, kozimirira pang'onopang'ono ngati bondo la buluku lakale. Imeneyo ndi mfuti yonyamulidwa kwambiri, ndipo nthawi zambiri yowombedwa pang'ono. Mlonda kapena mwini shopu amatha kuinyamula zaka 15 osamaliza ngakhale mabokosi 10 a zipolopolo. Ine ndikaona mfuti yotere mtima umakhala pansi. Zimene zimandichititsa tsinya ndi zina: kona yophwanyika kumbuyo kwa slide kapena pa saiti (kachitsulo ka pamwamba kolozera), kusonyeza kuti inagwapo pa simenti, mikwingwirima yozungulira mabowo a mapini, kusonyeza kuti wina anagogodapo ndi msomali, mitu ya masikuluwu yotafunidwa. Munthu amene anatafuna sikuluwu ya kunja sanalekere pomwepo, m'katimo analowamonso.

Mwanena kuti malo ena "chakanganuka". Liwu limeneli likundiuza kanthu. Chitsulo chodetsedwa ndi mankhwala, chimene amisiri timati bluing, sichikanganuka, chimangozimirira. Chimene chimakanganuka n'kusiya m'mphepete momveka ndi chikhadabo ndi penti. CZ 75 zambiri za m'zaka za m'ma 1980 zinatuluka m'fakitale zitapakidwa penti wakuda wowotcha, ndipo penti ameneyu amadziwika ndi kuthothoka. Ndiye n'kutheka ndithu kuti chimene mukuonacho ndi penti wa kufakitale amene wakalamba, osati ntchito ya munthu wina. Sungani mfundo imeneyi, idzagwira ntchito posankha chopaka.

Koma mfuti imene muyenera kuiopa kwambiri si yoyera m'makonayi ayi. Ndi ija yakuda bii, yonyezimira, ya zaka 35 koma yopanda ngakhale kachipsera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mfuti yokonzedwanso mosasamala imadziulula pa zilembo: zimaoneka zozimirira mbali imodzi, kapena zokokeka ngati zikusungunuka. Makona amene anayenera kukhala akuthwa amakhala obulungira ngati sopo wotha. Pozungulira mabowo a mapini pamakhala polowa ngati kambale, chifukwa gudumu lopukutira limakumba pamene lapeza bowo. Mukaipendeketsa padzuwa mumaona mbali zimene zinali zowongoka zikuchita mafunde, ndipo pansi pa mtundu watsopanowo timaenje ta dzimbiri takale timaonekera, tongodetsedwa. Pali ndi kachinyengo kena kamene ogulitsa ena amachita, kopaka mankhwala a m'botolo aja m'malo oyera mfuti isanaikidwe pagalasi. Tikitani malowo ndi chala mpaka patenthe, kenaka nunkhizani. Mankhwalawo ali ndi kafungo kake kowawasa, ngati ka ndalama zachitsulo zonyowa, kamene sikachoka msanga.

Pemphani wogulitsa amasule matabwa kapena mapulasitiki a pachogwirira. Akakana, kukanako kukhale yankho lanu. Pansi pa zogwirirazo ndi pamene thukuta limabisala, ndipo kumeneko kuli chilungamo chonse cha mmene mfutiyo inkasamalidwira. Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri. Lina limangokhala pamwamba, lofiirira, ndipo mukapukuta ndi kansanza ka oyilo kansanzako kamafiira, chitsulo n'kutsala chosalala kapena ndi kabanga chabe. Lina ladya chitsulo n'kusiya timaenje ngati zipsera za nthomba. Yendetsani chikhadabo: chikakodwa, ndiye kuti ndi dzenje. Maenje a pansi pa chogwirira kapena kumsana amanyansa maso koma sasokoneza kawombedwe, pokhapokha atazama kwambiri pamalo opyapyala. Maenje a m'chipinda cha chipolopolo, a pamano okolekana, kapena a m'njira ya pini yowombera, amenewo ndi nkhani ina.

Tifike pa mpope. Musanachite chilichonse, magazini ichoke, slide ikokedwe, muyang'ane ndi maso ndiponso mupise chala kuti m'chipinda mulibe kanthu, ngakhale wogulitsa wanena kale kuti ilibe. Kuphwasula CZ 75 n'kosavuta: kumbuyo, mbali ya kumanzere, kuli timizere tiwiri, kena pa slide kena pa thupi. Mukatilunjikitsa, kachitsulo koimitsa slide kamatuluka mukakakankha kuchokera kumanja. Mpope ukatuluka, uyambe watsukidwa. Mpope wauve umabisa maenje, ndipo wodzaza oyilo umanyezimira mwabodza. Ukauma, ikani kapepala koyera kumapeto, muwalitsepo tochi, inu n'kuyang'anira mbali inayo. Kuwalitsa tochi mwachindunji m'maso kumangokuthobwani.

Mukufuna kuona mizere yozungulira ija ili ndi m'mphepete mwakuthwa kuchokera kuchipinda mpaka kukamwa. Ngati m'katimo mwachita mbuu ngati galasi lopumirapo mpweya, amenewo ndi maenje ang'onoang'ono kwambiri, ndipo kawirikawiri amabwera chifukwa cha zipolopolo zakale za asilikali zimene kapu yake (kaja ka kumbuyo kwa khoko koyatsa wonga) inali ndi mankhwala a potassium chlorate. Ikapsa imasiya mchere umene umakoka chinyontho, ndipo oyilo sausungunula, umafuna madzi. Mpope wotero umathabe kuwomba molunjika, kungoti umagwira uve msanga. Umenewo ndi wotsitsira mtengo, osati wothawa. Wothawa ndi umene uli ndi mphete yakuda yozungulira pakati pake. Mpheteyo imatanthauza kuti tsiku lina chipolopolo chofooka chinatsakamira m'njira, china n'kuchiwomba kumbuyo, mpope n'kutupa. Nthawi zina maso saiona koma dzanja limaimva: lowetsani kansalu kothina ndi ndodo yotsukira, ndipo ngati pena pake kangopepuka mwadzidzidzi kenaka n'kuthinanso, pamenepo ndi potupa. Yendetsaninso zala kunja kwa mpopewo. Pomaliza onani kukamwa kwenikweni, pamene chipolopolo chimatsanzikana ndi mfuti. Kachipsera pamenepo kamamwaza zipolopolo kuposa maenje khumi a m'kati, koma mwayi wake mmisiri amakonza mosavuta.

Pamwamba pa mpope, kutsogolo kwa chipinda, pali mano amene amalowa m'mipata ya m'denga la slide. Pamenepa ndi pamene mphamvu ya kuphulika imatsamira. Makona a manowa akhale ooneka bwino. Ngati abulungira, kapena chitsulo chafutukuka m'mphepete ngati mutu wa tchizulo chogogodedwa kwambiri, mfutiyo yawomba zambiri kapena yawombedwa ndi sipuling'i yotopa kwa nthawi yaitali. Pansi pa mpope pali bowo looneka ngati impso, mmene mumadutsa mwendo wa kachitsulo koimitsa slide kaja. Kachitsulo kameneka ndi kamene kamalandira nkhonya pa CZ 75, ndipo n'kodziwika kuti kamathyoka mfuti ikawomba zikwi zambiri. Kagudubuzeni pagalasi muone ngati kapindika, ndipo kayang'aneni ngati kayamba mng'alu. Kokhako si chifukwa chokanira mfuti, n'kotchipa ndipo kamasinthidwa. Koma mabowo a m'thupi mmene kamalowa akhale obulungira bwinobwino. Akayamba kutalika ngati dzira, thupi lenilenilo latopa.

Ming'alu muifunefune ndi galasi lokulitsa, chitsulo chili choyera ndi chouma: m'makona a potulukira makoko, m'njanji, ndi pozungulira mabowo aja. Mng'alu pa slide kapena pa thupi ndi mapeto a zokambirana. Musalole mawu akuti "tiwotcherera". Za kugwedera, musadandaule kwambiri. Pa CZ slide imayenda m'kati mwa njanji za thupi, osati kunja monga pa mfuti zambiri, ndipo kugwedera pang'ono kulibe vuto. Chofunika ndi ichi: mfuti itabwezeredwa ndipo slide yatsekeka, kanikizani mpope ndi chala chachikulu kudzera potulukira makoko. Usamire. Gwedezaninso kukamwa kwake. Mpope ndi slide zikagwirana zolimba, mfutiyo iwomba pamene saiti yaloza.

Kenaka mayeso a chitetezo, mfuti ilibe chipolopolo ndipo yaloza kopanda munthu. Kokani hamala kumbuyo, muikankhe ndi chala mwamphamvu pang'ono osakhudza trigger. Isagwe. Kwezani loko, kokani trigger: hamala isasunthe. Chotsani chala, tsitsani loko: isagwenso. Kokani slide n'kuisiya ibwerere yokha kamodzi kapena kawiri, muone ngati hamala ikutsalira kumbuyo kapena ikutsatira slide. Ikalephera chimodzi mwa zimenezi, kapena trigger ikakhala yopepuka modabwitsa, ndiye kuti wina anapalapo ndi tupa pamene hamala imakodwa. Zimakonzeka posintha zitsulozo, koma ntchitoyo ndi ya mmisiri ndipo mtengo wake uchoke pa mtengo wa mfuti. Kumbukiraninso kuti pre-B ilibe chotchinga pini chija ndiponso ilibe chotsitsira hamala, choncho kanyamulidwe kake mukaphunzire kwa mlangizi, osati kwa mnzanu wa sandipepala uja.

Ngati shopuyo ili ndi malo owombera ndipo akulolani, wombani bokosi limodzi, kenaka tolani makoko. Makoko sanama. Otupa, ong'aluka, kapena okandika kwambiri m'mbali akukuuzani za chipinda chodyeka. Kapu yobooka kapena yomenyedwa mofooka ikukuuzani za pini ndi sipuling'i yake. Masipuling'i okha musawawerengere n'komwe ngati chilema. Pa mfuti ya 1988 imene mbiri yake simuidziwa, ine ndimasintha onse: yobweza slide, ya pini, ya chokokera makoko, za m'magazini, ndi kaja kobweza trigger kamene pa CZ kamakonda kuthyoka tsiku losayembekezeka. Onaninso kuti nambala ya pa thupi, pa slide ndi pa mpope ndi imodzi, ndipo ikufanana ndi ya m'buku la wogulitsa.

Tinene kuti zonsezi yakhoza. Tsopano ndiye nkhani ya maonekedwe.

Njira yoyamba, imene anthu saiwerengera ngati njira, ndi kungoimitsa dzimbiri n'kuisiya mfuti mmene ilili. Thirani oyilo wa mfuti pamalo adzimbiri, agone usiku wonse. M'mawa tikitani mopepuka ndi sitiliwulu wosalala kwambiri, wa nambala 0000, wonyowa ndi oyilo, kapena ndi kachidutswa ka kopa weniweni, kamene n'kofewa kuposa chitsulo. Muzipukuta pafupipafupi, chifukwa fumbi la dzimbiri lenilenilo limakanda. Sitiliwulu wa m'khitchini wokwechera mapoto, ndi kachinkhupule kobiriwira kaja, zisayandikire. Mankhwala ochotsa dzimbiri nawonso ayi, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa: bluing palokha ndi dzimbiri, kungoti lakuda ndi lokhazikika, lotchedwa magnetite. Mankhwala sasiyanitsa lofiira ndi lakuda. Bambo wina anandibweretsera mfuti ya malemu bambo ake imene anaiviika mu viniga usiku umodzi chifukwa cha kadontho kamodzi ka dzimbiri. Inatuluka yotuwa ngati nsomba, mtundu wonse wa zaka 50 utapita. Anakhala pampando wanga nthawi yaitali osayankhula.

Mankhwala a m'botolo amene mnzanu akunena, cold blue, ali ndi ntchito yake: kudetsa mutu wa sikuluwu kapena kachipsera kochepa ngati njere ya mpunga. Sasandutsa chitsulo kukhala magnetite. Amangosiya kachikuto kopyapyala ka selenium ndi kopa, kamene kamachoka ndi kukhudzakhudza ndipo sikateteza ku dzimbiri kwenikweni. Pa mfuti yonse amatuluka mawangamawanga, ndipo pakatha miyezi ingapo m'chiuno mwa munthu wa ku Durban amaoneka moipa kuposa poyamba. Ndi poizoni, musawagwire ndi manja osavala. Ndipo pa penti sagwira n'komwe, ndiye kuti pa mfuti yanuyo mungayambe mwapala penti yense, apo ndi pamene sandipepala amadya makona ndi zilembo. Chitsulo chikachoka sichibwerera.

Bluing yeniyeni ndi ya moto. Chitsulo chimapukutidwa, kuchotsedwa mafuta onse, n'kumizidwa m'madzi owira a caustic soda ndi mchere wa nitrate pa madigiri pafupifupi 140. Chikuto chake n'chopyapyala kwambiri, ma micron awiri kapena kuchepera, pomwe tsitsi la munthu limakhala cha m'ma 70. N'chifukwa chake sichisintha kathinidwe ka zitsulo, koma n'chifukwa chakenso sichibisa kanthu. Dzenje lililonse limene linalipo lidzakhalapobe, lakuda. Kukongola konse kwa bluing kuli m'manja mwa wopukuta, ndipo wopukuta wabwino amagwiritsa ntchito thabwa lowongoka ndi manja pa mbali zaphanthiphanthi, osati gudumu. Ntchito imeneyo ndi ya maola ambiri, ndiye ndi yodula. Wina akakutchulirani mtengo wotsika kwambiri, dziwani kuti mfuti yanu ikukakumana ndi gudumu. Bluing ya motoyi sigwira pa aluminiyamu, imamudya, ndipo pa stainless wamba sigwiranso, koma zimenezo sizikukhudzani poti CZ 75 yanu ndi yachitsulo yonse. Chimene chikukukhudzani n'chakuti mfuti imene fakitale inkadziwa kuti ipakidwa penti kawirikawiri sinkapukutidwa mosamala pansi pake, ndiye kuifikitsa ponyezimira pamafunika kudya chitsulo chochuluka. Palinso njira yakale ya pang'onopang'ono, yochititsa dzimbiri dala, kuwiritsa m'madzi oyera, kupukuta, n'kubwereza kangapo. Imatuluka yokongola ndi yolimba kuposa ya moto, koma ndimaisungira mfuti zakale za mapaipi awiri zolumikizidwa ndi mtovu. Mulimonsemo, bluing popanda oyilo ndi chitetezo chochepa, ndipo m'mphepete mwa nyanja ya mchere n'chochepa kwambiri.

Parkerizing ndi ija yotuwa, yosanyezimira, ya mfuti za asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chitsulo chimawombedwa ndi mchenga wapadera, n'kumizidwa m'madzi otentha a phosphate ya manganese kapena zinki, osafika powira. Chikuto chake chili ngati chinkhupule, chimamwa oyilo n'kumusunga, ndipo mphamvu yake ili pamenepo. Chikauma chimachita dzimbiri ngati china chilichonse. N'chotsika mtengo, chimabisa timaenje tating'ono, ndipo ndi maziko abwino a penti.

Masiku ano aliyense akutchula Cerakote. Ndi penti wosakaniza ndi ceramic wopangidwa ndi kampani ya NIC Industries ya ku Oregon, wopopera ndi mfuti ya mpweya n'kuwotchedwa mu uvuni pa madigiri pakati pa 120 ndi 150. Amakhala wochindikala pafupifupi ma micron 25, ndipo amatchinga thukuta ndi mchere bwino kwambiri kuposa bluing. Koma ndi penti ndithu. M'makona adzayerabe, makamaka ngati chikwama chanu n'chapulasitiki wolimba. Ubwino wake wonse umadalira kukonzekera: mfuti iphwasulidwe mpaka pini yomaliza, mafuta achotsedwe n'kuwotchedwa kuti obisala atuluke, dzimbiri la pansi pa maenje liphedwe. Wopopera pamwamba pa dzimbiri lamoyo wangolifunditsa bulangeti. Ndipo asalowe mu mpope, m'chipinda, kapena pamene hamala imakodwa. Pa njanji za CZ, zimene n'zazitali ndi zothina, wopopera wa dzanja lolemera amakubwezerani mfuti imene slide yake ikukakamira. Funsani kuti akuonetseni mfuti imene anaipaka zaka ziwiri zapitazo, osati ya dzulo.

Zina ndingozidutsa. Hard chrome n'cholimba kuposa zonsezi pa kukhuzika, koma n'choyera, n'chodula, chimaonetsa dzenje lililonse, ndipo chimafuna wodziwa kuwotcha zitsulo pambuyo pake kuti zisafooke. Njira ya nitride, imene inatchuka ndi Glock pa dzina la Tenifer, imalimbitsa khungu la chitsulo chenichenicho, koma imachitika pa madigiri oposa 500, ndipo ine sindikonda kuika mfuti yakale ya mtengo wochepa m'moto wotere popanda chifukwa chachikulu.

Njira iliyonse imene mungasankhe, nambala ya mfuti ndi yopatulika. Gawo 59 la lamulo lija limaletsa munthu wopanda laisensi ya umisiri wa mfuti kusintha kapena kuchotsa nambala kapena chizindikiro chilichonse chozindikiritsa, kusintha kutalika kwa mpope, kapena kukula kwa chipolopolo chake. Nambala yozimirira chifukwa cha kupala kapena yokwiririka ndi penti idzakuvutitsani tsiku limene wapolisi akuiyerekeza ndi khadi lanu, ndipo "ndimangokongoletsa" si yankho limene lidzakuthandizeni. Musaisiyenso mfuti kwa munthu wopenta magalimoto kapena wopaka chrome mabampala, ngakhale ali ndi luso lotani. Wololedwa kuisunga ndi mmisiri wa laisensi, amene amailemba m'kaundula wake n'kukupatsani umboni. Jambulani manambala onse musanaipereke.

Za mtengo wa kwa osonkhanitsa mfuti zakale, nkhani yake ndi yaifupi. Ikanakhala imodzi mwa zoyambirira zija za njanji zazifupi, za chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndikanakuuzani kuti musaikhudze ndi china chilichonse koma oyilo, chifukwa kwa anthu amenewo mtundu wa kufakitale, ngakhale wotha, umaposa watsopano. Ya 1988 ya penti wothothoka ndi maenje kumsana si ya m'galasi, ndi yogwirira ntchito. Komabe dziwani kuti ndalama ya kupaka simudzaipeza pogulitsa. Mukupakira inu nokha.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Ngati mpope, mano ndi hamala zakhoza, ndikanagula, nditatsitsa mtengo pogwiritsa ntchito kuyera komweko, pakuti ogula ambiri amathawa maonekedwe. Poti ikhala miyezi m'sefa ya wogulitsa, ndikanapempha kuti aipake oyilo wokwanira, pansi pa zogwirira pomwe, isanatsekeredwe. Laisensi ikatuluka, masipuling'i atsopano, dzimbiri liimitsidwe, kenaka ndiwombe zipolopolo mazana angapo miyezi itatu kapena inayi ndisanaganize za penti. Chifukwa chake n'chakuti ntchito iliyonse ya chitsulo, monga kusintha masaiti ang'onoang'ono a pre-B aja, amene maso a munthu wopitirira zaka 40 sagwirizana nawo, iyenera kuchitika chopaka chisanapite. Ndaona ambiri akulipira kawiri chifukwa chopupuluma pamenepa. Nthawiyo ikatha ndipo thukuta likupambanabe, parkerizing pansi ndi Cerakote wakuda pamwamba ndi chimene chimagwirizana ndi Durban, ndiponso ndi chimene chili pafupi ndi mmene mfutiyo inatulukira ku Uherský Brod.

Pakadali pano, ikafika kunyumba, isamagone m'chikwama chachikopa kapena m'bokosi la siponji, zonsezo zimasunga chinyontho. Madzulo alionse muzichotsa m'chikwama, muipukute ndi kansanza ka oyilo, makamaka kumsana kuja ndi mbali imene imakhudza thupi lanu. M'sefa muikemo timatumba ta silica gel, ndipo muzitiumitsa mu uvuni wofunda kamodzi pamwezi, chifukwa kumeneko kunyanja timakhuta madzi msanga.